Wophunzira wa a Sathamanga

Bambo anga anayamba kuyendetsa galimoto yonyamula maliro ine ndisanabadwe. Kuntchito ngakhale kwathu ankadziwika kuti a Sathamanga, ndipo dzinalo silinali lowanamizira. Ankayenda pang'onopang'ono, kudya pang'onopang'ono, ngakhale pokalipa ankachita kukoka mawu mpaka wolakwawe n'kuiwala chomwe walakwa. M'mawa uliwonse ankapukuta nsapato zawo zakuda atakhala pakhonde, n'kuvala jekete lomwe amayi ankalisita akung'ung'udza, amvekere nsalu yake ndi yamakani ngati mwini wake.

Galimotoyo inali ya kampani, yaitali, yakuda, ya makatani otuwa m'mawindo. Masiku ena ankabwera nayo kunyumba pa nkhomaliro. Mumsewu wathu aliyense wokhala ndi galimoto ankatopa ndi anthu opempha kukwera nawo, koma bambo ayi. Ankatsitsa galasi n'kufunsa anansi oyenda pansi, "Ndikusiyeniko?" Anthu ankayankha, "Zikomo, tafika kale," chonsecho ulendo uli wa kutauni. Bambo ankadziwa, ndipo ankafunsira dala. Nthabwala yawo inali yokhayo, ndipo sinkawatopetsa.

Chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, impso za amayi zinafooka. Ankayenera kupita ku chipatala chachikulu kawiri pa sabata kukalumikizidwa ku makina otsuka magazi. Popita zinkatheka, koma pobwera ankakhala alibiretu mphamvu, ndipo minibasi ziwiri zomwe tinkakwera zinkawamaliza. Tsiku lina anasanza m'minibasi, mayi wina n'kutseka mphuno ndi mpango akutiyang'ana m'maso. Ndinapsa mtima moti pakanapanda amayi ndikanamuyankhula zoti akazikumbukire kwawo. Titafika kunyumba amayi anati, "Ulendowu ukundipweteka kuposa matendawa. Ndiyamba kumadumphitsa masiku." Adokotala anali atatiuza kale chomwe chimachitika munthu akayamba kudumphitsa.

Amalume anali ndi kagalimoto kofiira komwe kankangokhala pansi pa mtengo kukutola masamba. Anavomera kutibwereka, koma ndi malamulo. "Woyendetsa akhale ndi layisensi. Ndipo kophunzirira ayi, kalatchi yake ndangokonzetsa kumene." Bambo sakanatha kumawaperekeza amayi, poti maliro sapangana tsiku, foni ikalira ankasiya chakudya pa mbale. Za galimoto ya kuntchito amayi anakaniratu. "Anthu aione ikutuluka pano ine ndili m'kati? Pofika madzulo adzadzaza pabwalopa akulira." Ndalama ya sukulu yophunzitsa galimoto tinalibe. Kunatsala ine, ndi galimoto yakale ya maliro yomwe abwana a bambo anatilola kuphunzirira masiku opanda ntchito.

Masiku oyamba bambo ankakhala pambali panga m'bwalo la kampani, kuseri kwa shedi yomwe akalipentala ankakhomera mabokosi. Anandionetsa magiya, kalatchi, buleki, ndi pomwe pali hutala. "Apa wapaona? Usadzapagwire." Zoti ndazimitsa galimoto kakhumi sizinkawakhudza. Chomwe chinkawapweteka chinali kugwedeza. "Wakufa sadandaula," ankatero, "koma abale ake ali kumbuyoko, akuona."

Ataona kuti ndayamba kugwira, anachita chinthu chomwe mpaka lero ndikachinena anthu amati ndikuwonjezera. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuyala thabwa pa timawilo tomwe amakankhirapo bokosi, n'kuvula jekete, n'kugonapo chagada manja ali pachifuwa.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikukuphunzitsa buleki. Tiye."

Ndikaponda buleki mwamphamvu, thabwa lija linkatsetsereka, mutu wawo n'kugunda kuseri kwa mpando wanga. Kenako mawu ankamveka modekha, "Wapha munthu wakufa kale." Ndikakhota mothamanga ankagubuduzikira kumbali. Poyamba ndinkaseka mpaka misozi, koma nditaona chotupa pamutu pawo ndinachita manyazi. Posakhalitsa ndinkatha kuimitsa galimoto yaitali ija iwo osadziwa kuti taima.

Ndili ndi chiphaso cha ophunzira, tinamata chilembo chofiira kutsogolo ndi kumbuyo n'kulowa mumsewu, iwo ali chigonere kuseri kwa makatani. Apa m'pomwe ndinadziona kuti ndine katswiri. Ndikafika pa mphambano, magalimoto ankaima okha. Madalaivala a minibasi, anthu osapatsa njira ngakhale mayi awo owabereka, ankapatukira kumbali. Palibe anandiimbirapo hutala, ngakhale ndiyende ngati ndikuwerenga miyala. Ndinkauza anzanga kuti anthu amangokokomeza, kuyendetsa galimoto n'kosavuta. Bambo sankaona chilichonse cha zimenezi, poti kumbuyo kuja ankangoona denga. Komanso iwo eni, pa zaka zonse zija, anali atazolowera kuti msewu umatseguka wokha.

Amalume anatipatsa kagalimoto kawo m'mawa wa tsiku la mayeso, titachita kuwachonderera. Bambo ndiwo anakayendetsa mpaka ku bwalo la mayeso, ine ndili pambali ndikubwereza zikwangwani chamumtima. Amayi anali atadumphitsa kale tsiku limodzi sabata imeneyo, ndipo mapazi awo anatupa osalowa m'nsapato. Ndinkadziwa kuti ndikalephera, tsiku lina la mayeso lidzapezeka patali.

Wondiyesa anali mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka, atanyamula kathabwa kopanirapo pepala. Za m'bwalo zinali masewera. Munthu wozolowera kubweza chigalimoto chachitali pakati pa milu ya matabwa, kulowetsa kagalimoto aka pakati pa mitengo yawo yoyeserayo kunali ngati kuika supuni m'kapu. Mayi aja analemba kanthu, n'kuloza kugeti.

Titayenda pang'ono anayang'ana wotchi, kenako ine.

"Mtsikana, tikuperekeza ndani?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye taponda moto. Njinga yatipitirira iyo."

Ndinaponda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalowetsa giya yachinayi. Kutsogolo kunali mphambano yolowera mumsewu waukulu. Ndinachepetsa liwiro monga mwa masiku onse, n'kumangoyandikira, ndikuyembekeza kuti aima. Lole yodzaza njerwa inkabwera cha kumbali kwanga. Sinachepetse. Dalaivala wake anaimba hutala yaitali, ndipo m'pomwe zinandifikira m'mutu kuti munthuyu sakuona maliro, akuona kagalimoto kofiira kokhala ndi mtsikana wosadziwa chomwe akuchita. Ndinaponda buleki. Tinaima matayala ali pa mzere woyera penipeni, lole ija n'kudutsa ndi mphepo yake.

Kenako ndinangokhala. Magalimoto ankadutsa motsatizana, wondiyang'ana n'komwe panalibe. Kumbuyo kwanga kunayamba mahutala, wina n'kutulutsa mutu pawindo kundifunsa ngati ndagula msewuwo. Ndinkafuna kulira, ndipo ndinakwiyira bambo kwambiri.

"Ukudikira chiyani?" anafunsa mayi aja.

"Kuti andipatse njira."

Anatsitsa magalasi awo n'kundiyang'ana bwinobwino. "Akupatse chifukwa ndiwe ndani?"

Ndinasiya kuyang'ana nkhope za madalaivala n'kuyamba kuyang'ana mipata ya pakati pawo. Umodzi unadutsa ndikukayika. Wachiwiri unali waung'ono. Wachitatu, kumbuyo kwa basi, ndinalowa, kagalimoto ka amalume kakulira ngati kakudandaula kwa mwini wake. Mphambano zotsatira ndinkaima, kuyang'ana uku ndi uku, n'kulowa ndekha.

Titabwerera m'bwalo mayi aja analemba kwa nthawi yaitali.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Bambo anga."

"Amayendetsa chiyani?"

Ndinawauza. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana panja pomwe bambo anaima pamthunzi ndi jekete lawo lakuda, ndipo pakamwa pawo panagwedera pang'ono.

"Ndiye chifukwa chake. Pa mphambano paja ukanadutsa mzere ndi chala chimodzi, bwenzi pano tikutsanzikana. Koma waima pabwino, ndipo cholembera changa sichinagwe n'komwe pamwendo. Wakhoza. Uziyendako msanga, mwanangu, amoyo amachedwa kuntchito."

Ndinatuluka m'galimoto. Ndisanawauze n'komwe bambo kuti ndakhoza, ndinayamba ndi kuwakalipira. "Bwanji simunandiuze kuti anthu sapatsa njira? Lole ikanatipera!" Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati yankho lili mmenemo.

"Ndinaiwala," anatero. "Pepa, mwanawe. Ndinaiwaladi."

Sindinawamvepo akupepesa munthu wina aliyense kupatula anamfedwa. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni. Popita kunyumba anakhala pambali panga, ndipo pa mphambano iliyonse ankagwira lamba ndi manja awiri.

Mapepala atatuluka, ulendo woyamba wa kuchipatala bambo anapempha tchuthi cha masana kuti atiperekeze. Popita amayi ankalamula ali kumbuyo, amvekere taona njinga iyo, taona mwana uyo, mpaka ndinawafunsa ngati layisensi ili ndi dzina lawo. Pobwera tinawagoneka mokhala pa mpando wa kumbuyo, pilo ali m'khosi. Dzuwa linali litapendeka, msewu uli wodzaza ndi anthu oweruka.

Titadutsa msika ndinazindikira kuti kumbuyo kwakhala zii. Ndinayang'ana pagalasi. Mutu wa amayi unali utagwera kumbali, maso otseka, kukamwa kuli pululu, nkhope yotuwa. Sankagwedezeka. Phazi langa linachoka lokha pa moto.

"Agona," anatero bambo motsitsa mawu. "Yendetsa."

"Mwadziwa bwanji? Simunacheuke n'komwe."

"Ndikuwamva akupuma."

Ndinawayang'ana mwachangu. Anali atapendeketsa mutu, khutu lili cha kumbuyo, maso ali kutsogolo, ndipo ndinazindikira kuti akhala choncho kuchokera pa geti la chipatala.

Tinafika kunyumba amayi akadali m'tulo. Ndinaima pageti, n'kugwira chitseko kuti nditsike. Bambo anandigwira dzanja.

"Asiye kaye. Miyezi yonseyi sanagonepo chonchi."

Tinakhala m'galimotomo, mawindo ali otsitsa pang'ono, mpaka amayi anadzuka okha n'kufunsa ngati tafika pokwerera minibasi yachiwiri.