Bowo la Chiswe m'Kabuku ka Mphunzitsi Woyamba

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndinali kalaliki pa ofesi ya mpingo wathu, kufupi ndi mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Tsiku lina mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma pantchito, anafika atamanga chitini cha mabisiketi pakaliyala ya njinga. M'chitinimo munali kabuku kamene mphunzitsi woyamba wa sukulu yathu ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku atangofika kuchokera ku Mozambiki.

"Mwana wanga, masiku ano palibe wotiletsa," anatero aphunzitsiwo. "Tisindikize kabukuka, anthu awerenge."

Ndinaona ngati ntchito yophweka, chifukwa m'kabati mwathu munali kale kope lake, limene kalaliki wina anatayipa zaka makumi awiri m'mbuyomo. Ndinati ndingokopera lomwelo, koma iwo anakana. Anati tiziwerenga limodzi, iwo kabuku, ine kope.

Tisanamalize tsamba loyamba tinayamba kuseka. Pamene mwini wake analemba "cimanga", kalalikiyo anakonza kuti "chimanga". Pamene anati anadya kalongonda, iye anaika nyemba. Mizere yonse ya Chilomwe anangoidumpha.

"Musamudzudzule," anatero aphunzitsi. "Nthawi imeneyo munthu sankafuna kuoneka Mlomwe papepala. Koma ife tilemba monga analembera mwini wake. Chofuna kumasulira tiika pansi pa tsamba."

Zala zanga zinandivuta. Zinazolowera kuika "h", ndipo sitensulo iliyonse imene ndinkatayipapo inkatuluka ili mathothomathotho a mankhwala ofiira ofufutira.

Sabata yachitatu tinafika pa tsamba limene chiswe chinaboola. Kope linati: "Mlamu wanga anaba mbuzi za mpingo." Nkhaniyi ndinkaidziwa, popeza anthu ankanyoza nayo banja lina la kutsidya kwa mtsinje. Koma m'kabukumo munali "ana", kenako bowo, kenako "a". Aphunzitsi anathyola kachitsotso ka udzu, n'kuyeza bowolo, n'kufanizira ndi mawu ena a tsamba lomwelo.

"Taonani. Apa pakukwana zilembo zitatu kapena zinayi. Kalaliki uja anangoganiza."

"Ndiye tiikepo chiyani? Anaweta?"

"Nanunso mwayamba kuganiza. Ikani madontho basi."

Sindikudziwa anaulutsa nkhaniyi ndani, koma Lachinayi kunabwera mayi wina wachikulire, mdzukulu wa mlamu uja, atanyamula dengu la chinangwa. Anakhala pakhomo n'kuvula masilipasi.

"Ndamva kuti agogo anga mwawachotsa pa umbava."

"Si ife, mayi, ndi chiswe," anayankha aphunzitsi.

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kenako anatiuza kuti agogo awowo ankadziwa mankhwala a ziweto, ndipo anthu ankabwera ndi mbuzi zodwala kuchokera ku Chilwa komwe. "Lembani kuti anachiza. Ndikuuzani ine."

Ndinawerenga zilembo ndi zala. M'kalembedwe kakale ndi "anaciza", zilembo zitatu pakati, zokwana bwinobwino pabowopo. Ndinali nditaika kale manja pa makina, koma aphunzitsi anapukusa mutu.

"Mayi, ndikukukhulupirirani. Koma mawu amene sitinawaone ndi maso sitingawaike m'kamwa mwa malemu. Anuwo tiwalemba pansipa, kuti anena ndi mdzukulu wake."

Mayiwo anaganiza pang'ono. "Pansi pomwepo anthu amawerenga?"

"Ndi pamene amayambira," ndinatero ine.

Anavomera, koma anati ndiwawerengere kawiri zimene ndatayipa, ndipo anandiuza ndichotse mawu oti "akuti". Pa mawu amenewo tinakambirana mpaka chinangwa chinapsa kukhitchini. Pomaliza tinagwirizana kulemba kuti "mdzukulu wake akuchitira umboni kuti anachiza".

Tinapukusa timabukuto pa makina a sitensulo kwa masiku awiri, manja ali bii ndi inki, n'kutisoka ndi ulusi wa nsapato chifukwa sitepula inakana kuboola. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, anthu anaunjikana pansi pa mtengo wa mango akuwerengerana mokweza, achinyamata akupunthwa pa zilembo zakalezo, achikulire akuwakonza Chilomwe. Mayi aja anatenga titatu. Amati kamodzi n'kawo, kena ka mwana wawo wa ku Limbe, ndipo kachitatu anakapereka okha kwa mzimayi amene anakangana naye pa mjigo pa nkhani ya mbuzi ija.