Zala za Wothyola Tiyi

Ntchito ya pachipatala cha pa esiteti ya tiyi sindinachite kuifunafuna. Mliri wa kolona utafika, amene ankathandiza pachipatalapo anangosiya makiyi patebulo n'kubwerera kwawo ku Goliati. Panatha masabata awiri popanda wofuna malowo. Kenako a Makawa, dokotala wathu, anandipeza pasikelo yoyezera masamba.

"A Muleso, ndamva kuti mumawerenga. Mawa mubwere."

Ndinali nditathyola tiyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo kuwerengako ndinakuphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Ndinavomera chifukwa msana unali utakana dengu.

Ntchito yanga inali kusungunula kolorini m'ndowa, kupukuta mabenchi, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kamfuti kolozetsa pamphumi, ndiponso kulemba mayina m'buku. Panalinso kachipangizo kopana chala, koyezera mpweya m'magazi. Lamulo lake linali limodzi: nambala ikatsika kufika pansi pa 90, itanani ambulansi, wodwala apite kutenti ya kolona kuboma. Tentiyo anthu ankaiopa kuposa matendawo. Ankati wolowamo satuluka, ndipo maliro ake amaikidwa ndi alendo, abale ataima patali.

A Makawa anandilembetsa maphunziro a othandiza azaumoyo, koma makalasi anali otseka, zonse zinali pafoni. Netiweki inkagwira pamwamba pa munda wa nambala 12, pansi pa bulugama. Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi Esinati, mtsikana wophunzira unamwino amene anabwezedwa kunyumba sukulu yawo itatsekedwa. Ine maphunziro apafoni ndinkawakonda, chifukwa vidiyo ndinkaibwereza kasanu popanda wondiseka. Esinati ankadana nawo.

"Agogo, netiweki ikaduka aphunzitsi amangoti kukamwa yasa ngati mlamba wouma," iye anatero. "Mayeso ndidzakhoza, koma mtsempha wa munthu sindinaugwirepo."

Patapita nthawi anayamba kubwera kuchipatala kudzatithandiza.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba minda yonse. A Makawa anali atayamba kutsokomola, choncho anadzitsekera kunyumba kwawo. Tinatsala awiri, ine ndi Esinati. Cha m'ma naini thalakitala inabweretsa Mayi Elube, amene ndinathyola nawo tiyi mzere umodzi kwa zaka zambiri. Anali atagwa m'munda, akunjenjemera, thupi lili moto, mpweya ukutuluka mwabefu.

Tinavala mamasiki ndi magolovesi. Esinati anawapana chala cholozera monga mmene vidiyo inkasonyezera. Kachipangizo kanaphethiraphethira, kenako kanalemba 79. Anachotsa n'kupananso. Kanalemba 82, n'kuzima.

"Agogo, ndi ambulansi basi," anatero Esinati.

Mayi Elube anandigwira malaya. "Achimwene, musanditumize kutenti. Ana anga atsala ndi ndani? Inu mumandidziwa."

Ndikawatumiza, mwina ndawaponya pakati pa odwala kolona iwo alibe. Ndikawasunga, mwina andifera pabenchi. Onse awiri ankandiyang'ana ngati munthu wamkulu wodziwa, pamene ine ndinkangodziwa zimene ndinaona pagalasi la foni.

Pali chinthu chimene sindikonda kunena. Mwana wanga woyamba, Yohane, anadwala ali ndi zaka zinayi. Kuchipatala anandipatsa mankhwala n'kundifunsa ngati ndamva kamwedwe kake. Ndinati eya, chifukwa ndinachita manyazi kunena kuti sindiwerenga zolembedwa pakapepala. Ndinamumwetsa mongoganiza. Sindidziwa ngati anamupha ndi matenda kapena ndine, ndipo palibe amene adzandiuze. Mmawa umenewo ndinamva "eya" yemwe uja akukwera pakhosi panga.

Ndinatenga foni n'kuthamangira kumtunda. Munthu wa zaka zanga kuthamanga m'matope, othyola tiyi anaimika manja kundiyang'ana. Foni inagwira ndisanafike pabulugama paja.

"A dokotala, sindikudziwa chochita," ndinatero, n'kuwauza manambala aja.

Anatsokomola kaye. "Milomo yawo yada? Akutha kumaliza chiganizo polankhula?"

"Milomo ili bwino. Akulankhula, mpaka akundichonderera."

"Nanga mwapana chala chiti? Mwachigwira chalacho?"

Sindinachigwire. Ine amene ndakhala ndi zala zoterozo moyo wanga wonse! Wothyola tiyi amadula nsonga ndi chala chachikulu ndi cholozera. Zala ziwirizo zimakhala ndi zikang'a zolimba, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa masamba, ndipo pa chiperoni zimazizira mpaka magazi kuthawamo. Dzanja la m'vidiyo lija linali losalala, la munthu wa muofesi.

"Atenthetseni manja, mupane chala cha mphete," anatero a Makawa. "Ikakhalabe pansi pa 90, ambulansi, ngakhale alire motani. Mwamva?"

"Ndamva, koma bwerezaninso," ndinayankha. Anabwereza.

Nditabwerera tinathira madzi ofunda m'beseni n'kuviika manja a mayiwo. Esinati anawapukuta ndi thaulo, akuwatikita chala chilichonse. Anapana chala cha mphete cha kumanzere. Nambala inayamba 88. Inakwera 93, kenako inaima pa 96. Tinadikira mphindi yathunthu. Sinatsike.

Esinati anawabaya chala kuyeza malungo, koyamba m'moyo wake kubaya munthu weniweni. Singano inakanika pachikang'a, anabaya pambali. Mizere iwiri inatuluka: malungo. Nditakweranso kumtunda, a Makawa anandiuza pafoni mankhwala oti tipereke, ndipo analamula kuti mayiwo akhale kwaokha kunyumba, ife tizikawayeza mmawa uliwonse. Pa sabata yachitatu Mayi Elube anali ataberekanso dengu.

"Mukanandipititsa kutenti ndikanakulotetsani usiku uliwonse," anandiuza atandipeza panjira.

Maphunziro aja ndinawamaliza pafoni pomwepo, ndipo sindiwanyoza. Anandiphunzitsa nambala yoyenera kuiopa. Koma mpaka lero, wodwala akakhala pabenchi, kachipangizo kamayamba kadikira m'thumba. Ndimatenga dzanja lake, n'kulitembenuza, n'kumva ngati lazizira, kenako ndimamufunsa kuti, "Mumagwira ntchito yanji?"