Lachisanu Limene Ndinakoka Thanki Kuchokera ku Limbe

Ndinanyamuka paesiteti hafu faifi m'mawa, Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, 2003. Makiyi a pikapu anali m'manja mwanga, koma ndinkadziwa kuti pofika madzulo akhoza kukhala a wina. Mayi akunyumba anandikulungira mbatata yophika m'nsalu, n'kundikumbutsa chimene ndinkachidziwa kale: "Bambo, dzuwa lisakulowereni panjira." Ife ndife a Sabata. Dzuwa likangolowa Lachisanu, ntchito timaisiya pomwe yafikapo.

Dzina langa ndi Namakhwa. Pa nthawiyo ndinali nditayendetsa galimoto za paesiteti ya tiyi ku Thyolo zaka makumi awiri ndi zisanu osapondapo ngakhale nkhuku, ndiponso osalawapo tiyi amene ankandidyetsayo, poti kutchalitchi kwathu sitimwa. Ntchito yanga m'chilimwe inali kukoka thanki ya madzi ya matayala awiri, kuchoka kudamu kupita kunazale ya mbande za tiyi. Masabata awiri m'mbuyomo thankiyo inandigwera pakona ya mitengo ya bulugamu. Kumbuyo kwa pikapu kunayamba kuvina, thanki n'kupendama, kenako khu! m'munda wa tiyi.

Manijala wathu watsopano, a Mhango, bambo wachinyamata wa kumpoto, anangoti, "Madala, manja atopa. Kapumeni." Mawu amenewa anandiwawa kuposa bondo limene ndinamenyetsa pachitseko. Ndinawauza kuti vuto si manja. Pikapu yayikuluyo inalibe chitsulo cha kumbuyo chimene amakaniko amachitcha sitabilaiza, chija chimagwirizanitsa mbali ziwiri za galimoto kuti isamapendame pokhota. Iwo anati, "Chabwino. Lachisanu mukatenge thanki ku Limbe kumene akuiwotcherera, mukaikitsenso chitsulo chanucho. Mudzandipeza pa Boma, ndidzakwere ndione ndekha. Ikavinanso, makiyi mudzandipatsa." Makiyi akapita, nyumba ya kukomboni imapita nawo, ndipo ine kunali kutangotsala zaka ziwiri kuti ndipume ndi ulemu wanga.

Pa Boma ndinadutsa sikisi koloko, oitanira minibasi atayamba kale bodza lawo la tsiku ndi tsiku: "Limbe, Limbe, watsala mmodzi!" pamene mkati muli anthu atatu. Pa Bvumbwe ndinaima kugula nthochi za teni kwacha. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana n'kuti, "Bwanji agogo, nkhope ngati mukupita kukhoti?" Ndinati ndi komweko ndikupita, koma woweruza wake akhala pampando wa pambali panga. Anaseka n'kundionjezera nthochi ziwiri. Zoti agogozo sindinazikonde, koma nthochi ndinalandira.

Hafu seveni ndinali ku Limbe, pagalaja ya Che Jafali, makaniko wachiyao wa ndevu zoyera amene sayankhula asanaone. Thanki yanga inali pakona, itawotcheredwa mbali yonse. Che Jafali analowa kunsi kwa pikapu chagada, n'kutuluka ndi chingwe chimene anamangapo mfundo ziwiri. "Chitsulo chatsopano muno mulibe, mpaka kuitanitsa kunja," anatero. "Tengani chingwechi mupite kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Chikapitirira mfundo, chisiyeni. Chikaperewera, chisiyeni."

Kumanda a galimoto kuja ndinazungulira maola awiri, dzuwa likukwera ndipo ine ndikuliyang'ana ngati mdani. Chitsulo choyamba chinali chachifupi. Chachiwiri chinali chopindika mbali imodzi, koma mwini wake analumbira kuti chimabwera choncho kuchokera kufakitale. Chachitatu ndinachisolola ndekha pansi pa mulu wa zitseko: chonenepa ngati mpini wa khasu, chokhota mbali zonse ziwiri, ndipo chinagwera ndendende pamfundo za Che Jafali. Wogulitsa anati, "Mwasankha bwino, bambo. Galimoto imene inali nachoyo sinagwepo." Ndinamufunsa kuti nanga inafa bwanji. Anati, "Anaigunda itaima." Ndinachisenza pakhosi ngati goli n'kudutsa nacho mumsika, anthu akundipatukira.

Malabala ogwirira chitsulocho anali atafumbwa, koma pamenepo ndinali nditakonzeka. Ndinabwera ndi chidutswa cha lamba wakale wa makina a kufakitale ya tiyi, ndipo Che Jafali atachipinda ndi manja anagwedeza mutu kuvomera. Tinadula malabala anayi. Iwo anawotcherera timapazi tiwiri paekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a kumbuyo, n'kuyamba kuboola chasisi, msana wa galimoto, mbali ya kumanzere.

Atangomaliza bowo lachiwiri, anazimitsa makina, n'kupita pampopi kukasamba m'manja. Ndinayang'ana wotchi: thwelofu koloko. Anatuluka m'kachipinda atavala mkanjo woyera ndi kachisoti.

"Che Jafali, mukupita kuti? Mbali inayi sitinaboole!"

"Lero ndi Juma, a Namakhwa. Ndikupita kumzikiti."

"Koma ine dzuwa likandilowera panjira..."

"Inu mumasiya ntchito likamalowa, ine ndimasiya likafika paliwombo. Amene tikumuopayo ndi mmodzi. Dikirani."

Pa anthu onse a mu Limbe, ine ndinali womaliza woyenera kumuletsa munthu kukapemphera. Ndinadya mbatata yanga nditakhala patayala, kenako ndinalowa kunsi ndi sipanala n'kumanga mabawuti a mbali imene inathayo.

Anabwera hafu wanu, ndipo pofika hafu thu chitsulo chinali chitagwira mbali zonse. Che Jafali anakwera kumbuyo n'kudumphadumpha pakona imodzi. Kale pikapuyo ikanawerama ngati mpongozi, koma tsopano inangoti nji. Ndinayamba kumwetulira, koma iwo anandifunsa ali pomwepo: "Tsiku limene munagwalo, m'thankimu munali madzi ochuluka bwanji?"

Ndinayang'ana kumbali. "Theka."

"Kudamu munatunga theka?"

Apa ndiye ndinaulula chimene ndinali ndisanauze aliyense, ngakhale mayi akunyumba. Mjigo wa kukomboni unauma mu Seputembala. Amayi othyola tiyi akaweruka ankatsikira kukhwawa ndi ndowa, mtunda wautali, atatopa kale ndi dengu kumsana. Msewu wochoka kudamu umadutsa pakomboni pomwepo usanafike pakona ija. Ndiye ine ndinkaima, n'kutsekula mpopi wa thanki mpaka madzi atsike theka, kenako n'kumapitirira kunazale.

Che Jafali anatsika, n'kutenga chigubu chokhala ndi madzi theka, n'kundisenzetsa pamutu. "Khotani msanga," anatero. Nditakhota, madzi anathamangira mbali imodzi ndipo ndinadzandira ngati woledzera, ine wosamwa ndi tiyi yemwe.

"Mwaona? Chitsulo chigwira galimoto, ndipo chinkafunikadi. Koma madzi sichingawagwire. Thanki izikhala yodzaza, kapena yopanda kanthu. Ya theka idzakugwetsaninso."

Ndinachita manyazi. Masabata awiri ndinkayenda ndikulalikira kuti wolakwa ndi galimoto, chikhalirecho theka la mlandu linali langa.

Anaumirira kuti tiidzaze mpaka pakamwa, tione ngati powotcherera sipakudontha. Madzi a ku Limbe amatuluka ngati akukakamizidwa, ndipo thanki inadzaza hafu fili itakwana. Sipanadonthe. "Musataye, pitani nawo," anatero Che Jafali pondikolekera. "Ndipo musathamangire dzuwa."

Kutuluka mu Limbe phazi linkafuna kuponda moto, koma ndinaliletsa. Ndinatsimikiza mumtima kuti sindipyola liwiro la fote, kaya dzuwa lichite zotani. Minibasi zinkandiimbira mahutala n'kumandidutsa, ndipo kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo: "Madala, mwanyamula mazira?" Ndinamubayibitsa. Titadutsa Bvumbwe, pamene msewu umayamba kukhotakhota, ndinamva kusiyana m'chiuno mwenimwenimu. Kale ndikakhota, kumbuyo kunkatsalira kenako n'kundikankha. Tsopano galimoto yonse inkakhota pamodzi, thanki ikutsatira mwaulemu.

Pa Boma ndinafika kota tu faifi. A Mhango anali ataima pamthunzi, nyuzipepala m'khwapa. Anasuzumira kunsi, n'kugogoda chitsulo ndi nsapato. "Chimenechi? Chadzimbirichi?" Ndinati chomwecho, bwana. Anakwera.

Ndikanatha kukhala chete. Thanki inali yodzaza, chitsulo chinali pamalo pake, pakona ndikanadutsa bwinobwino ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu sulowa Sabata utafumbata bodza. Titangokhotera mumsewu wafumbi wa paesiteti, ndinawafotokozera zonse, za mjigo, za ndowa, za theka lija.

"Madzi a kampani?" anafunsa.

"Eya, bwana."

"Kangati?"

"Tsiku lililonse kuyambira Seputembala."

Anangopinda nyuzipepala yawo kanayi n'kuyang'ana kutsogolo. Ndinati basi, makiyi apita, koma galimotoyi ndiifikitsa kaye.

Kunazale anali ataweruka, choncho thanki inayenera kukagona kugalaja ya paesiteti, kupitirira komboni pang'ono. Njira yake ndi yomwe ija ya pabulugamu. Konayo imazungulira m'mbali mwa phiri, msewu utapendekera kuchigwa, ndipo pamene ndinagwera pankaonekabe, tiyi atathyokathyoka ngati padutsa ng'ombe. Ndinaona dzanja la a Mhango likufunafuna chogwirira cha pachitseko. Ndinatsitsa giya kona isanayambe, n'kuchotsa phazi pabuleki, n'kulowa. Ndinamvetsera kumbuyo ndi msana wanga wonse. Kunali zii. Pikapu sinawerame, thanki sinavine, ndipo titawongoka ndinaona dzanja lija likubwerera pabondo.

Koma dzuwa silinandidikire. Tikufika pakomboni, kachidutswa kake komaliza kanamira kuseri kwa phiri ndikuona. Ndinapatukira pambali pa mjigo wouma uja, n'kuzimitsa injini. Ndinatsika, n'kuika mwala kutayala la thanki, kenako ndinazungulira kuwindo la a Mhango ndi makiyi m'manja awiri.

"Bwana, Sabata lalowa. Ine ndalekeza pano."

"A Namakhwa, galaja ndi iyo apo. Mphindi zitatu zokha!"

"Ndikuiona, bwana."

Anatenga makiyi n'kutsika. Amayi anali atayamba kale kutuluka m'nyumba ndi ndowa atamva kulira kwa galimoto, koma ataona manijala anaima chapatali, ena akubisa zigubu kumbuyo. Panali mmodzi amene anali akuchokera kukhwawa, mwana kumsana, ndowa pamutu. A Mhango anamupempha kuti atule, n'kusuzumiramo. Munali madzi ofiira ngati tiyi wa mkaka, osafika ndi pakati pomwe.

A Mhango anatembenuza makiyi m'manja. Kenako anapita kumbuyo kwa thanki, n'kutsekula mpopi ndi dzanja lawo.

"Mwati izikhala yodzaza kapena yopanda kanthu, eti?" anandifunsa.

"Ndi momwe anenera amakaniko, bwana."

"Ndiye amayi, bwerani. Muimalize yonse, musasiye theka. Madala awa angagwe nayonso."

Ndowa zinalira kuchokera mbali zonse. Mkati mwa phokosolo a Mhango anandiyandikira, n'kuponya makiyi m'thumba la malaya anga. "Lamlungu m'mawa," anatero, "ulendo woyamba kunazale. Wachiwiri kuno, mpaka mjigo ukonzedwe. Yodzaza." Ananyamuka wapansi kulowera kunyumba kwawo, fumbi likuwadetsa nsapato.

Ndinapita ku Limbe kukafuna chitsulo choti chindichitire umboni kuti manja anga sanatope, ndipo chinachitadi. Ndinkaganiza kuti chovuta pa ulendowu chikhala kona ya pabulugamu, koma inaposa ndi kona ija ya pamsewu wafumbi, pamene ndinatsekula pakamwa.

Kunyumba kwanga kunali mizere itatu ya nyumba kuchokera pamjigo. Ndinapeza mayi akunyumba atayala kale mphasa, buku la nyimbo lili pamiyendo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kumwamba.

"Bambo, dzuwatu lakulowerani panjira."

"Ayi, mayi," ndinatero ndikuvula nsapato. "Landilowera pakhomo."

Powerama, makiyi anagwa m'thumba n'kulira pasimenti. Iwo anawatola, n'kuwapachika pamsomali wake wa masiku onse, kenako anayambitsa nyimbo.