Gogodera M'chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene atate anabisa mfuti m'chigafa cha fodya. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kwathu ku Magodi. Mfutiyo inali ya gogodera, yoikira onga ndi zidutswa za misomali kukamwa, ndipo anawasiyira ndi agogo. Chiphaso inalibe.

Mbiri itamveka kuti apolisi ndi oyang'anira nyama a ku Lukusuzi akutolera mfuti zopanda chiphaso, amayi anawachonderera kuti akaipereke.

"Yayi," anatero atate. "Iyi ni ya adada anga. Boma inali kuti pamene nguluwe zinasiliza munda?"

Vuto la gogodera ndi loti ukaithira onga, njira yapafupi yoikhuthulira ndi kuiwomba basi. Atate anali ataithira kale podikira nguluwe, ndipo kuwomba kukanaitana apolisi aja. Choncho anaikwezeka yodzaza pamwamba pa mitengo yoyanikira fodya, naiphimba ndi masamba. Ife ana sanatiuze, poopa kuti pakamwa pathu mpoyoyoka.

M'mawa wina atate anatuma ine ndi mkulu wanga Tiwonge kukatsitsa fodya wouma. Mwina anaiwala, sindinawafunsepo. Tiwonge anakoka mtengo umodzi akuimba nyimbo ya kukwaya, ine ndili pansi kulandira. Chinachake cholemera chinagwa, kenako phokoso, utsi wonunkha, makutu anga gwa. Nditaona bwino, Tiwonge anali atakhala pansi akuyang'ana ntchafu yake modabwa. Sanalire n'komwe.

Amayi anathamangira kukabwereka ngolo, koma atate anawagwira mkono.

"Kuchipatala azafunsa pepala ya polisi. Anganimange. Tiyambe taona mailo."

Anamanga balalo ndi chitenje, nalithira madzi amchere. Mawa lake anatinso mawa. Mwendo unatupa, nyumba inayamba kununkha, ndipo Tiwonge ankanditcha dzina la amayi. Pamene atate anamukweza pangolo okha, akulira ngati mwana, nthawi inali itatha. Tiwonge anamwalira tisanafike pa boma la Lundazi.

Apolisi anabwerabe, mfuti anatenga, atate anakagwira ukaidi. Atabwerako anasiya kulima fodya. Chigafa chinagwa chokha, ndipo mpaka lero palibe amene anatolapo mtengo wake kukasonkhera moto.

Ndinawada atate zaka zambiri, sindibisa. Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo chidanicho chinasanduka chisoni, chifukwa anali munthu wotikonda amene ankangofuna kuti chimanga chifike m'nkhokwe. Koma ndikamva mwamuna akudziguguda kuti mfuti ndi yake, palibe womuuza chochita nayo, mtima wanga umawira. Ya atate inalidi yawo. Chifukwa inali yobisa, anabisanso bala la mwana wawo. Anamwino amene anaona mtembo wake anatiuza kuti akanabwera tsiku lomwelo, Tiwonge akanangotsimphina.