Mafuta Anga M'chikwama cha Azakhali

Ndinabadwa ndi khungu lachialubino. Kwathu ku Phalula, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndinkalandira kuchipatala pa tsiku lake lokha. Akatha msanga ndiye kuti atha, chifukwa kumsika kwathu sankapezeka.

Ndili Fomu 1, m'mwezi wa Okutobala, kunabwera azakhali a ku Nayuchi, alongo awo a bambo. Amayi anali kumsewu kogulitsa tomato, choncho mlendoyo ndinamulandira ndine. Ndinawaikira madzi kubafa, sopo pamwala. Kwathu mlendo sapatsidwa madzi osamba opanda mafuta odzola, koma kabotolo ka pabanja ndinakapeza kali gwa, mafuta atatha. Kenaka ndinakatenga anga aja pansi pa zovala n'kuwapatsa nditagwada.

Anatuluka akudzisisita m'masaya.

"Iwe mzungu wa achimwene! Si awa amadzola azimayi a m'tauni kuti asachite makwinya? Tandiona ine, dzuwa la kwathu kunjanji landifinya ngati tsamba la fodya. Ndatenga, wamva?"

"Chabwino, azakhali." Mawuwo anatuluka okha.

Kunali kutatsala milungu itatu kuti ndikalandire ena, ndipo tinali pakati pogalauza mizere. Kuseri kwa khutu langa kunali kale kachilonda. Anesi a kuchipatala anali atakayang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti totere ndi timene timasanduka khansa, ndisadumphe kudzola ngakhale tsiku limodzi. Amayi sindinawauze. Akanati alankhule, akanamveka mpaka ku Nayuchi kuti ndi mlamu womana.

M'mawa mwake ndinawaperekeza azakhali kumsewu. Chikwama chawo ndinachisenza pamutu, ndiye chipewa changa ndinangochigwira m'manja. Khosi linayamba kuyabwa tisanafike pamjigo. Iwo ankasimba za mtengo wa nsomba, ine ndikukonza mawu mumtima, n'kuwameza, n'kuwakonzanso. Mwana angaitanitse bwanji chinthu chimene wapereka atagwada?

Minibasi ya ku Balaka inaima. Kondakitala anandilanda chikwama n'kuchiponya pansi pa mpando.

"Azakhali."

"Nena msanga, galimotoyi si ya bambo ako."

"Mafuta aja ndi mankhwala."

Sanamve. Ndinabwereza, maso ali pansi, kenaka ndinapinda khutu n'kuwaonetsa. Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala.

"Mayi, mukukwera kapena mwatsegula chipatala?" anakuwa kondakitala.

"Takhala chete iwe! Bweretsa chikwamacho."

Anachimasulira pansi pompo. Zitenje, nsapato za kutchalitchi, tomato amene amayi anawapatsa, zonse pafumbi, anthu a m'galimoto atatulutsa mitu pamawindo. Botolo linali pansi penipeni, litakulungidwa mu duku.

"Bwanji osanena dzulo? Umafuna anthu adzati ndinakupha ndine? Kufatsa kwanji kopusaku!"

Anafinyira mafuta m'dzanja lawo n'kundipaka m'khosi ndi m'makutu mwaukali, ngati akutsuka mphika. Pachilonda pokha anadutsapo pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi. Botolo anandikankhira pachifuwa, n'kukwera galimoto itayamba kale kuyenda, osatsanzika.

Ndinatsala ndikutola tomato wawo awiri amene anagubudukira m'ngalande. Kachilonda kaja kanauma mvula isanagwe. Azakhali sanabwere pa Khirisimasi chaka chimenecho, ndipo mpaka lero sindinafunse aliyense ngati chinali chifukwa cha ine.