Phulusa la pa Bwalo la a Muhiwa

Ndikakumbukira a Muhiwa, ndimamva fungo la phulusa logwera pa udzu wa mame, ndipo ndimawaona atawerama ndi chitini choboola kunsi, akuyenda pang'onopang'ono, mzere woyera ukutsala m'mbuyo mwawo mpaka kukafika pagolo.

Nyumba yawo inayandikana ndi yathu ku Nazombe. Anali mkamwini, ndipo kwathu kuno mkamwini alibe nthaka. Atabwera ku Joni ndi mpira wachikopa, anapempha akazi awo ndime ya chinangwa. Anawapatsa. Anazula zitsa, nagumula chulu, nadzika milongoti ya bulugamu. Bwalo lathu la mpira linayamba chomwecho, ine ndili mwana.

Lamulo linali limodzi: wofuna kusewera Loweruka abwere ndi phulusa la kwawo lojambulira mizere. Tinkapala m'mafuwa a amayi athu, n'kuchotsa makala ndi lichero lakutha.

Ine ndinali goloboyi, ndipo panalibe wondiposa. Tsiku limene kunabwera anyamata a ku Chiwalo ndinapita chimanjamanja, ndikudziwa kuti sangandisiye.

"Phulusa lili kuti, Jemusi?" anandifunsa a Muhiwa.

"Ndaiwala. Koma pagolo muikapo ndani?"

"Ngakhale chitsa ndiikapo. Khala apo."

Tinagonja ndi zigoli zisanu. Anzanga anandinyanyala sabata yathunthu. A Muhiwa anangondiuza kuti, "Bwalo ndi munda, mwana iwe. Wosalima sakolola."

Pabwalopo panakulira matimu awiri: Mavu, a kumtunda kwa mtsinje, ndi Linthumbu, a kumunsi. Akakumana ankathyolana miyendo, koma phulusa ankathira m'chitini chimodzi. Napolo atatsika m'phiri n'kusiya miyala pakati pa bwalo, anaigubuduza limodzi.

Zinasintha zipani zitachuluka. Mavu analandira yunifomu kwa munthu wofuna uphungu, a Linthumbu kwa wopikisana naye. Awa ankati, "Sitingajambule bwalo loti asewerepo a chipani chija." Awonso chimodzimodzi. Chaka chinatha popanda mzere. Udzu unafika m'mawondo, anthu nayamba kumangirirapo mbuzi.

Nthawi imeneyo akazi a a Muhiwa anali atamwalira, ndipo nthaka inali m'manja mwa adzukulu a mayiyo. Anali ndi ana ambiri, minda yochepa. Sindiwanena. Anapita kwa nkhalambayo mwaulemu.

"Agogo, apa sipakuseweredwanso. Loweruka ili likadutsa chonchi, tibwera ndi makasu."

Akanayankha chiyani mkamwini?

Loweruka m'mawa ndinkapita ku Boma pa njinga, ndili kale ndi imvi zanga, ndipo ndinawaona a Muhiwa pabwalo. Maso awo anali atachita ng'ala. Anali okha mu udzu, chitini chili m'manja, mzere ukukhota ngati podutsa njoka. Phulusa la munthu wokhala yekha silifika patali. Linawathera asanafike pakona, koma ankagwedezabe chitinicho, osadziwa kuti mulibe kanthu.

Ndinatsika panjinga.

"Ndani?"

"Ndine Jemusi."

"Phulusa lili kuti?"

Manyazi anandigwira ngati tsiku la anyamata a ku Chiwalo lija. Ku Boma sindinapitenso. Ndinatenga thumba, n'kuyenda khomo ndi khomo, kumtunda ndi kumunsi komwe.

"Mwatumidwa ndi chipani chiti, a Jemusi?" anandifunsa mayi wina.

"Sindikupempha voti, mayi. Ndikupempha phulusa."

Anaseka, nandipalira. Anyamata ataona bambo wa imvi atasenza thumba lotuwa, anatola zikwakwa n'kunditsata. Dzuwa litapendeka, Mavu ndi Linthumbu analowa m'bwalo. Za yunifomu ndinakaniza: ena anavula malaya, ena anasewera ndi malaya awo a kumunda, monga tinkachitira kale. A Muhiwa anakhala pa mpando, akutchera khutu kulira kwa mpira. Nthawi ina anafunsa amene anali pagolo, poti anamva zigoli zikuchuluka. Atawauza, anapukusa mutu.

Eni nthaka anaonerera nawo mpaka pamapeto. Mvula itagwa analima kachigawo ka kuseri kwa golo, bwalo nalisiya. A Muhiwa anamwalira chimanga chimenecho chisanakololedwe.

Lero chitini ndimanyamula ndine. Mnyamata wobwera chimanjamanja amakhala pansi, ngakhale akhale mdzukulu wanga. Mzere wa kum'mawa ndi wokhota mpaka pano. Matimu achilendo amadandaula, ndipo woimbira mpira wina anabwera ndi chingwe kuti auwongole. Ndinamuuza kuti akazule zitsa zake, akawongole kumeneko. Ine ndimathira pomwe anathira a Muhiwa.