Kafilimu ka mayi Keturah

A Keturah anawaona koyamba a Gabriel pakhomo la nyumba yosamalira okalamba ku Braunstone, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, atatchena suti ngati akukafunsira mbeta. Ndi iwo amene anawavula jekete, n'kuwapatsa epuloni ndi magolovesi, n'kuwaphunzitsa kutembenuza nkhalamba pabedi osaipweteka. Lamulungu lake kutchalitchi bambo aja anadzitchula kuti ndi a zachipatala, ndipo a Keturah atawapatsa moni anangogwedeza mutu ngati akuingitsa ntchentche. Chidani chinamera pomwepo, ndipo mayiwa sanaleke kuchithirira.

Anali mayi wa manja ofewa koma lilime lakuthwa. Kuno analibe mwamuna kapena mwana. Abale awo anali Amalawi a mu Leicester, amene ankawaopa koma sankatha kanthu popanda iwo. Kukagwa zovuta, foni yoyamba inkalira kwa a Keturah.

Patapita zaka, a Gabriel anapita kwawo kukaimira uphungu, ndipo pazikwangwani analembapo kuti Dokotala. Apa m'pamene anatulukira wachinyamata wina, Uchizi wa ku Hyson Green, ndi kamera, atatumidwa ndi amene ankapikisana ndi a Gabriel.

"Anti, tikukonza timafilimu toti tionetsedwe pa kanema kumudzi," anatero. "Koyamba, zithunzi zake ali mu yunifomu. Kachiwiri, inuyo mukufotokoza ntchito yake yeniyeni."

"Ntchito yake iti? Imene ndinkamugwirira ine, iye atabisala m'chimbudzi ndi foni?"

"Yomweyo. Nkhope yanu tiibisa, mawu tiwasintha."

"Ubise nkhope ya ndani? Ndinaba? Andione bwinobwino."

"Komatu akuno sakondwa nazo, anti."

"Iwe unabwera kudzajambula kapena kudzandilangiza? Yatsa chinthu chakocho."

Anayankhula mpaka kukhosi kuuma. Ananena za ulesi wa a Gabriel ndi bodza lawo, anafotokozanso kuti kusambitsa munthu wokalamba ndi ntchito yofuna mtima. Zonsezo Uchizi anazidula. Anasiya za matewera ndi masanzi zokha, n'kuikamo phokoso la anthu oseka ndi mawu akuluakulu akuti: Awa ndiwo madokotala a ku Mangalande.

A Gabriel anagwa chagada pachisankho, ndipo a Keturah anavina okha m'khitchini. Koma sabata isanathe, mafoni ochokera kumudzi anayamba kulira m'nyumba za anzawo. Ambiri anali atauza makolo awo kuti ndi manesi, tsopano ankafunsidwa kuti, kodi nanunso ndi zomwezija?

A Dyna, mkulu wa amayi kutchalitchi, anaimitsa a Keturah pakhomo.

"Mumafuna kuvula munthu mmodzi, mwativula tonse."

"Ndinanama pati?"

"Simunaname. Khalani nacho chilungamo chanucho."

Palibe anawatukwana. Foni yawo inangoti zii. Maliro ena ku Belgrave anawamva thupi litakwera kale ndege. A Gabriel anabwerera n'kuyambiranso mashifiti, anthu n'kuwalandira ngati wofedwa. Bambowo anatumiza uthenga kuti mayiwo akangopepesa pamaso pa mpingo, nkhani yatha. A Keturah anayankha kuti ayambe iwowo kupepesa moni uja.

M'zaka zawo zomaliza a Keturah ankayendera ndodo, mawondo atatha ndi kunyamula anthu. Tsiku lina anakwera basi yopita m'tauni, yodzaza thothotho. Kutsogolo kunakhala a Gabriel, imvi zili mbuu, ndipo kumbuyo kwawo a Dyna ndi amayi ena a kutchalitchi. A Gabriel anaimirira.

"Khalani apa, mayi."

A Dyna anasendeza chikwama chawo kuti njira ipezeke. Amayi aja anasiya kucheza, maso onse pa a Keturah, ndipo iwo anadziwa kuti akangokhala pampandopo, Lamulungu akhala pakati pa anzawo.

Anayang'ana mpandowo nthawi ndithu. Kenako anakoleka ndodo pamkono, n'kugwira chitsulo ndi manja onse awiri.

"Ndatsala pang'ono kutsika," anatero, akuyang'ana pawindo.

Kutauni kunali kukadali kutali. Anapita choimirira, akugwiritsitsa chitsulocho pokhota paliponse, ndipo pampandopo sipanakhale munthu.